Jenereta ya mazira makumi anayi

Lolemba

Jenereta yafika!

Yofiira, yatsopano, ikununkhira utoto. Amuna awiri a kusitolo ayikankha pa wilibala kuchokera kumsika, ayitula pabalaza pakati pa mpando waukulu ndi wailesi ya kanema. Ndakhala ndikuyiyang'ana mpaka tiyi wazizira m'kapu.

Ndilembe chifukwa chake, kuti ndisadzaiwale anthu akadzayamba kundiyamikira.

Amake Chisomo ali ndi mazira makumi anayi m'makina oswetsera anapiye. Makinawo amafuna magetsi usana ndi usiku. Lero mazira akwanitsa masiku khumi ndi asanu, anapiye akuyenera kutuluka Lamulungu. Ndiye dzana uthenga walowa m'mafoni athu tonse: Loweruka magetsi azima tauni yonse ya Chitipa kuyambira m'mawa mpaka madzulo, akusintha mapolo. Loweruka! Kutatsala tsiku limodzi lokha.

Ulendo watha magetsi atazima tsiku ndi theka, anapiye onse anafera m'mazira. Amake Chisomo anakawakwirira okha kuseri kwa bafa, masiku awiri osayankhula ndi munthu. Tsiku lachitatu ndinawauza kuti zimenezi sizidzachitikanso m'nyumba muno ine ndili moyo. Ndinanena mokweza, mazenera ali otsekula. Anthu anamva.

Sukulu tatsekera, Chisomo ali kwa agogo ake ku Ntcheu, nthawi ndili nayo yambiri.

Dongosolo:
1. Lachiwiri: a Sichali, katswiri wa zamagetsi, abwere alumikize.
2. Lachitatu: kuyesa.
3. Lachinayi mpaka Loweruka: kukhala pakhonde, kulangiza ofuna nzeru.

Masana. Kabuku ka malangizo kali m'Chiswahili ndi chinenero china cha zilembo zonga timitengo tothyokathyoka. Tsamba lililonse pali mawu akuti HATARI. Ndapita nako kwa eni nyumba, a Namusukwa, amene amakatenga zitenje ku Tanzania. Akuti ndiye kuti "zoopsa". Ndawerenga: HATARI alipo khumi ndi anayi m'kabuku ka masamba khumi. Ine ndimaphunzitsa jogalafe, za mapiri ndi mphepo. Koma makina ndi makina basi, umakoka chingwe n'kulira.

Ndafuna kukoka kamodzi kokha, kungomva mawu ake. Amake Chisomo akuti ndidikire a Sichali. Ndadikira.

Madzulo ayala kansalu koluka pamwamba pa jenereta, aikapo duwa la pulasitiki. Akuti ngati ikhale pabalaza, izioneka ngati ya pabalaza.

Lachiwiri

A Sichali afika 8 koloko pa njinga yakapalasa. Bambo wachikulire, wamfupi, pensulo kukhutu. "Mwawuka uli, asambizgi?" Ndi mmene amaitanira aphunzitsi kuno. Zaka zisanu ndi chimodzi ndili kuno, kuyankha moni ndimatha.

Ndawaonetsa malo amene ndasankha: kachipinda kosungiramo katundu, momwe muli makina a mazira. Waya wamfupi, akuba sangafike, chitseko tikatseka phokoso silimveka. Nzeru zitatu pamalo amodzi.

A Sichali avula chipewa. Akhala pansi pa sitepe.

Akuti utsi wa jenereta umene umapha anthu suoneka, sununkha, sutsokomoletsa. "Mumangomva tulo tabwino, asambizgi. Ayambe ndi anapiye, inu mutsatire."

Ndafunsa:
Tikatsekula zenera? "Yayi."
M'khonde? "Yayi."
M'khitchini ya panja? "Yayi chomene."

Aima kukhoma la nyumba, ayamba kuyenda akuwerenga mapazi aakuluakulu. Afika pa asanu ndi awiri, aima. Aima pakati pa mpiru wa a Namusukwa.

Kenako afunsa kumene mphepo imachokera, kuti utsi uzipita kutali ndi mazenera. Apa ndiye kwathu! Ndafotokoza za mphepo ya mwezi uno, mmene imatsikira m'mapiri n'kusesa fumbi tauni yonse, ndajambula pansi ndi kamtengo. A Sichali amvetsera mpaka kumapeto, anyambita chala, akweza m'mwamba. Chala chawo chagwirizana nane. Vuto ndi loti mphepoyo ikulunjika pazenera la chipinda chogona cha a Sajeni Makwinja, oyandikana nawo nyumba. Tasuntha malo. Tsopano jenereta ikhala pansi pa chingwe choyanikapo zovala. Chingwe chisunthe. Amake Chisomo amva.

Zofunika, malinga ndi pensulo ya a Sichali:
chenjiova, switchi yaikulu yosankhira magetsi a kampani kapena a jenereta;
chitsulo chokhoma pansi, amati efi, choti magetsi akasochera azithawira m'nthaka osati mwa munthu;
waya wokhuthala;
simenti ya pansi;
kadenga, chifukwa jenereta ndi mvula sizigwirizana;
oyilo.

Oyilo! Jenereta imabwera yopanda oyilo m'mimba. Akuti ndikanakoka dzulo lija, bwenzi lero tikukamba za maliro ake. Amake Chisomo atsokomola kukhitchini.

Zololedwa kuyatsa pa jenereta: makina a mazira, firiji, mababu anayi, wailesi. Zoletsedwa: ayironi, ketulo, chophikira cha magetsi. Ndimaganiza kuti ndagula magetsi a nyumba yonse. Ndagula a ngodya imodzi.

Madzulo tathira simenti ndi mmisiri wa kuseri kwa msika. Yasalala bwino kwambiri. Nkhuku ya a Namusukwa yayendapo kupita ndi kubwera.

Dongosolo latsopano: kulumikiza Lachitatu, kuyesa Lachinayi. Kupuma kwatsala masiku awiri. Palibe vuto.

Lachitatu

Kusaka chenjiova.

Sitolo yoyamba: "Inatha."
Yachiwiri: anditulutsira switchi ya babu la kubafa, akuti ndi yomweyo koma yaing'ono.
Yachitatu: ilipo, koma ili ku Karonga. Ikwera basi ya mawa.

Ndabwerera maso ali ofiira ndi fumbi.

Kunyumba ndapeza a Sajeni Makwinja akundidikira. Ndi a ku Mulanje, kuno ali ndi miyezi inayi yokha, koma palibe chimene sachidziwa. Abwera ndi chingwe cha mapulagi mbali zonse ziwiri, mutu uku mutu uku. Akuti chenjiova ndi kutaya nthawi: mutu umodzi ku jenereta, wina pa soketi ya pabalaza, nyumba yonse mbee! Kwawo amachita choncho aliyense.

Kunena zoona, mtima wanga unapita nawo.

A Sichali achitenga chingwecho ndi zala ziwiri, ngati njoka yakufa. "Ichi chikukoma, bwana."

A Sajeni aomba m'manja. "Mwamva, aphunzitsi? Katswiri wavomereza. Akuti chikukoma!"

Zanditengera mphindi zisanu kuwafotokozera kuti m'Chitumbuka kukoma ndi kupha.

A Sichali afotokoza motere: popanda chenjiova, magetsi a jenereta sakhala m'nyumba mokha ayi. Amatuluka ndi waya, kubwerera mpaka pa polo. Munthu ali pamwamba apo akudziwa kuti azimitsa, agwira waya ndi manja awiri. "Loweruka pa mapolo a mzere uno pakhala mlamu wanga. Ana ali nawo asanu." Komanso mutu wachiwiri uja ukazuka pa soketi, timano take timakhala ndi moto, aliyense woutola wapita.

Atatero atulutsa pulayala, adula chingwe cha a Sajeni pakati. Awabwezera zidutswa ziwiri, ati yewo, zikomo ya kuno. A Sajeni apita osatsanzika.

Masana. Kukhoma efi. Nthaka ya mwezi uno ndi mwala weniweni.
Malo oyamba: chitsulo chalowa chala chimodzi, chakana.
Malo achiwiri: tathira madzi ndowa ziwiri, chalowa chikhatho chimodzi, chapeza mwala.
Malo achitatu: ndasankha ine, poona mtundu wa dothi. Ndatenga hamala ndekha. Chikulowa ngati m'phala! Ndauza a Sichali kuti sukulu ili ndi ntchito yake.

Kenako pansi payamba kunyowa. Kenako kasupe.

Paipi ya madzi ya nyumba zonse zitatu.

A Namusukwa atuluka. Ayankhula Chilambya kwa nthawi yaitali, osapuma, dzanja limodzi m'chiuno, lina likuloza ine, mpiru, chingwe cha zovala, ine kachiwiri. Mawu amene ndamva ndi amodzi okha: asambizgi. Abwera kasanu.

Paipi tamanga ndi mphira wa chubu cha njinga, wokonza abwera mawa. Efi yalowa pa malo achinayi, osankha a Sichali. Ndasamba ndi madzi a m'kapu.

Lachinayi

Tsiku lakhumi ndi chisanu ndi chitatu la mazira. Amake Chisomo asiya kuwatembenuza, athira madzi m'kabeseni ka m'makina, atseka. Lamulo: kuyambira lero wina asatsekule, wina asagwedeze, wina asayandikire. Ponena kuti "wina" akuyang'ana ine. M'nyumba muno tilimo awiri.

Wokonza paipi wabwera, wakonza, wafunsa kuti anaboola ndani. Ndati zinangochitika.

A Sichali apita kukadikira basi ya ku Karonga.

A Sajeni abweranso, mkwiyo watha, nkhani yatsopano: akuba. Akuti jenereta yofiira panja, mapazi asanu ndi awiri kuchokera kukhoma, sigona masiku awiri. Iwo milandu yotere aiona yambiri. Pa zamagetsi analakwitsa, koma izi ndi za ntchito yawo. Munthu sangalakwitse kawiri sabata imodzi.

Abwera ndi wowotcherera zitsulo. Tanyamula jenereta anthu atatu, taikhazika pa simenti, pamwamba pa mapazi a nkhuku. Wowotcherera wamanga khola la zitsulo zonenepa ngati chala chachikulu, mbali zonse zinayi, pamwamba lata, miyendo yolowa m'simenti. Mphepo ikudutsa bwino, monga ananenera a Sichali.

Ndapempha chitseko chachikulu cha loko. A Sajeni aseka. "Loko ndi kalata yoitanira mbava, aphunzitsi. Owotcherani zonse. Musiye kazenera kolowetsa dzanja, kokokera chingwe ndi kuthirira mafuta."

Ndavomera. Ndilembe bwinobwino kuti ndavomera ndekha, wina sanandikakamize.

Khola latha 4 koloko. Lokongola! A Sajeni aligwedeza ndi manja awiri, alimenya ndi jombo. Silikusuntha. Akuti ngakhale iwo, ndi luso lawo lonse, jenereta imeneyi sangaitulutse. Anthu odutsa akuima kuyang'ana. Mayi wina wafunsa ngati tikuweta nyani.

5 koloko a Sichali aimba foni: chenjiova yatsika m'basi. Abwera nayo mawa m'mawa.

Kulumikiza ndi kuyesa zonse Lachisanu. Kupuma kwachotsedwa pa dongosolo.

Lachisanu

A Sichali agwira ntchito kuyambira 7 koloko mpaka 11. Azimitsa magetsi pa mita, ayesa ndi tesita kawiri asanagwire waya uliwonse. Chenjiova yakhala pakhoma pafupi ndi mita, bokosi lotuwa la chogwirira chimodzi. M'mwamba: magetsi a kampani. Pakati: palibe. Pansi: jenereta. Awiriwo sangakumane ngakhale utafuna. Waya wadutsa m'paipi pansi pa nthaka mpaka kukhola. Ntchito yaukhondo, munthu ungaijambule.

Kenako andiimika ngati mwana wa Fomu 1, ndinene pamtima:
1. Magetsi akazima, chogwirira pakati.
2. Zimitsa zonse m'nyumba.
3. Yang'ana oyilo. Manja akhale ouma.
4. Liza jenereta, isiye ilire kaye mphindi ziwiri.
5. Chogwirira pansi.
6. Yatsa zinthu chimodzichimodzi, makina a mazira poyamba.
7. Mafuta sathira ikulira kapena ili yotentha. Zimitsa, dikira izizire.

Ndalakwitsa kawiri. Amake Chisomo anena zonse zisanu ndi ziwiri ali kukhitchini, osafunsidwa.

Tapita kukhola. A Sichali alizungulira kamodzi. Alizunguliranso. "Chitseko chili nkhu?" Ndawaonetsa kazenera. Afunsa kuti tsiku losintha oyilo ndidzalowa bwanji. Ndati tidzaona. Avula chipewa, koma sanakhale pansi.

Oyilo tathira ndi kapaipi ndi botolo lodula, ine nditagona chammimba. Theka walowa mu jenereta, theka m'malaya.

"Makora, zili bwino. Tsopano tiyese. Petulo ali kuti?"

Petulo.

Pa mndandanda wa Lachiwiri panalibe petulo. A Sichali akuti sanalembe chifukwa ankayesa kuti munthu wogula jenereta amadziwa yekha.

12 koloko. Ndili pa mzere pomwetsera mafuta, chigubu m'manja. Mafuta avuta sabata ino, mzere wafika pa sitolo ya mbewu. Kutsogolo njinga zamoto, kumbuyo njinga zamoto, pakati ine.

2 koloko. Ndafika pa pampu. Mayi wothira mafuta wayang'ana chigubu, wayang'ana ine. Akuti m'zigubu sakuthira popanda kalata ya ku ofesi, anthu amakagulitsa m'misewu. Ndati ndine mphunzitsi. Akuti akundidziwa, ndinaphunzitsa mng'ono wawo, koma kalata.

3 koloko. Ku ofesi. Wolemba makalata apita ku msonkhano, abwera Lolemba.

Ndabwerera kwa mayi uja. Andimvera chisoni. "Njira ilipo, aphunzitsi. Mungobwera nayo jeneretayo, tithire momwemo. Ambiri akutero."

Ndakumbukira khola lopanda chitseko.

Pobwerera ndagula botolo limodzi la petulo wa m'mbali mwa msewu. A Sichali alinunkhiza, adontheza pang'ono pa pepala, aliika padzuwa. Petulo weniweni amauma osasiya kanthu. Uyu wasiya chibanga cha mafuta chachikulu ngati dzira. Wosakaniza ndi parafini. "Mukathira uyu, musandiitanenso."

Ndaimbira wowotcherera kuti adzadule khola. Ali ku Wenya, ku maliro. Akuti mawa m'mamawa afika ndi makina ake odulira, ntchito ya mphindi khumi.

Amake Chisomo afunsa funso limodzi lokha: "Bambo a Chisomo, mawa jenereta ilira kapena silira?" Ndati ilira. Apita kwa a Namusukwa, akhalako ola lathunthu. Abwerako ndi thumba la mabotolo opanda kanthu. Sindinafunse.

Loweruka

6 koloko ndendende magetsi azima. Chiyambire sindinaone anthu amenewa akusunga nthawi chonchi.

Kukuzizira. Mphepo yayamba kale.

8 koloko. Wowotcherera wafika, maso ofiira ndi tulo ta ku maliro, makina odulira m'manja. Wavula jekete. Watambasula chingwe. Wafunsa kuti alumikize pati.

Tayang'anana.

A Sajeni, ali pa mpanda: "Lumikizani ku jenereta!"



Tsono zinthu zili chonchi: kuti jenereta ilire pakufunika petulo. Kuti petulo apezeke, jenereta ituluke m'khola. Kuti ituluke, pakufunika magetsi. Ndalemba kuti ndione ngati penapake pali khomo. Palibe.

Sowo ya manja. Zitsulo zoti tidule: zisanu ndi zitatu, chilichonse pamwamba ndi pansi.

9 koloko: chimodzi.
10 koloko: ziwiri ndi theka. Mpeni wa sowo wathyoka. A Sajeni akuti kwawo zitsulo sizilimba chonchi.
11 koloko: zinayi. Matuza atatu m'dzanja lamanja. Wowotcherera akuyamikira ntchito yake ya Lachinayi, akuti anaika mtima.

Ndalowa m'nyumba kukamwa madzi. M'kachipinda ka mazira muli amake Chisomo ndi a Namusukwa. Makina awafunditsa bulangeti lathu la ukwati, asiya kampata ka mpweya. M'mbali monse mabotolo a madzi otentha, lililonse lavala sokosi. Masokosi anga, onse, ndi a ku tchalitchi omwe. Panja mbaula ikuyaka, mphika wa madzi uli pamoto. Botolo likazizira, a Namusukwa atulutsa, amake Chisomo alowetsa lina, diso lili pa kachipangizo koyezera kutentha. Akuyankhulana chapansipansi, wina Chichewa wina Chitumbuka, akumvana bwinobwino.

Ndati jenereta yatsala pang'ono. A Namusukwa andipatsa ndowa kuti ndikatunge madzi.

1 koloko. Jenereta yatuluka! A Sichali amasula mawaya awo, akulunga nsonga zake ndi tepi, chogwirira aika pakati. Taikweza pa wilibala.

Kuchokera kwathu kukafika pomwetsera mafuta ndi chitunda chokhachokha. Zaka zonsezi sindinadziwe. Mphepo kumaso, fumbi m'kamwa. Anthu atatu afunsa ngati ndikugulitsa. Mwana wa m'kalasi langa wandipatsa moni mwaulemu kwambiri, kenako watulutsa foni.

2 koloko. Pa mzere, wilibala pakati pa njinga zamoto. Pampu ikugwira ntchito, ali ndi jenereta yawo. Ikulira bwino. Yawo ili ndi chitseko.

3 koloko. Kutsogolo kwanga kwatsala anthu khumi ndi awiri.

4 koloko. Atatu.

4 koloko ndi mphindi khumi. Mayi uja wakweza paipi m'mwamba, waigwedeza, waipachika. Atha. Wandiyang'ana, wayang'ana wilibala. "Pepani, aphunzitsi. Mwina Lachiwiri."

Pobwerera ndi kutsetsereka, wilibala ikufuna kundisiya. Ndafika dzuwa litapendeka. Pa polo la pafupi ndi nyumba pali munthu, lamba m'chiuno, akumanga waya ndi manja awiri, akuimba nyimbo. A Sichali akuti ndi mlamu wawo uja. Wandikwezera dzanja. Ndakweza langa la matuza.

6 koloko magetsi ayaka. A Sichali akweza chogwirira m'mwamba, makina a mazira ayamba kung'ung'udza. Amake Chisomo achotsa bulangeti, akhala pansi pomwepo, atsamira khoma. Zala zawo zafiira ndi madzi otentha. Kuyambira m'mawa sanadye.

Tiyi ndapanga ine. Amwa. Sitinakambe za jenereta.

Lamulungu

5 koloko m'mawa, kulira kwakung'ono m'kachipinda. Mmodzi watuluka, wonyowa, wonyansa, akugwa n'kudzuka. Amake Chisomo andiitana kuti ndidzaone pagalasi. Andilola kuyandikira.

Ku tchalitchi ndapita ndekha, nsapato zopanda masokosi. Anthu asanu andifunsa za jenereta. Awiri anaiona pa foni.

Titaweruka, mkulu wa mpingo wina wa njinga yamoto wandimvera chifundo, wandigawira petulo wa m'thanki mwake, lita imodzi. A Sichali ayesa pa pepala. Wauma bwino.

2 koloko. Kuyesa. Jenereta yabwerera pa simenti, mawaya alumikizidwa, efi yamangidwa. Ndanena malamulo onse asanu ndi awiri osalakwitsa. Makina a mazira amake Chisomo akana kuti tiyeserepo, ndiye tadikira mpaka avomera kuti tiyese mphindi zisanu zokha. Chogwirira pakati. Oyilo ali bwino. Ndakoka chingwe kamodzi.

Yalira!

Kamodzi kokha! Utsi ukupita kumene ndinanena. Chogwirira pansi, makina a mazira ayaka, firiji yayaka, mababu anayi ayaka dzuwa likuswa mtengo. A Sichali ayeza ndi kachipangizo kawo, agwedeza mutu. "Makora chomene, asambizgi." A Sajeni akuuza anthu pa mpanda kuti ntchito yonseyi anayang'anira ndi iwo.

Patatha mphindi zinayi amake Chisomo atulukira pazenera: "Zimitsani, anapiye akudzidzimuka."

Ndazimitsa. Chogwirira m'mwamba.

Malangizo otsiriza a a Sichali: izilira sabata iliyonse mphindi khumi ndi zisanu, magetsi alipo kapena palibe, apo ayi idzakana tsiku loifuna. Khola liikidwe chitseko cha mahinjesi. Wowotcherera abwera Lachitatu. Kalata ya chigubu Lolemba. Chingwe cha zovala sichinapezebe malo.

Pofika 5 koloko anapiye atuluka makumi awiri ndi asanu ndi mmodzi. Anayi akugogoda. Ena khumi ali chete, ndipo amake Chisomo akuti amenewo tisawadikire. Awiri oyamba kuuma alonjezedwa kwa a Namusukwa.

Ndafunsa ngati anapiye afuna babu lowatenthetsa, poti tsopano magetsi tili nawo a mitundu iwiri. Akuti ndisavutike, a Namusukwa awabwereka mphika wa makala.

Madzulo aimbira foni mayi awo ku Ntcheu. Ndili pakhonde, ndikumva zonse. Afotokoza za mabotolo, za bulangeti, za a Namusukwa. Kenako apongozi afunsa kanthu, amake Chisomo ayankha:

"Bambo a Chisomo? Iiih, anayesetsa."

Mawu amenewa ndimawadziwa. Ndimawalemba ndekha ndi cholembera chofiira kumapeto kwa teremu, pa lipoti la mwana wakhalidwe labwino amene walephera.

Masokosi auma. Ndikukawanula.